Mbewu siiweruzidwa ndi dzinja limodzi

M'mera mpoyamba. Kwa Kadewere, monganso m'midzi yonse ya ku Chiradzulu, mwambi umenewu susowa womasulira. Minda kuno ndi yaing'ono, anthu ndi ambiri, ndipo banja likaphonya mvula yobzalira kapena likakwirira mbewu yofumbwa, limadziwiratu mu Disembala momwe kuti nkhokwe ya mu Meyi idzapepuka. Chimanga chikamera chachikasu ndi choonda, ngakhale feteleza wobereketsa sachiwombola kwenikweni. Akulu adaona bwino: zambiri za mawa zimaonekera pa tsiku lomera.

Koma mwambiwu ife timakonda kuutembenuza. Tikaona munthu wagwa, timathamangira kukaloza chala pa tsiku limene adayamba. Geni ikalowa pansi timati adalakwa kuiyamba. Mwana akalephera mayeso timati sukuluyo siinali yake. Akulu adati chiyambi n'chofunika. Sadanene kuti aliyense wogonja adayamba molakwika, kapena kuti woyamba bwino ndiye adzadye zokolola zake. Pali masewero ena a chess amene adaseweredwa kutali ndi kuno, zaka zoposa 100 zapitazo, omwe amaonetsa kusiyana kumeneku poyera.

Munthu wa kuno safunika kuuzidwa kuti masewero a pa bolodi ndi ntchito ya mutu. Pansi pa mtengo wa mango, kapena pakhonde la golosale, madoda amakhala pa bawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo katswiri amawerenga nkhomo ndi maso asanazigwire. Bawo ili ndi mabowo 32 ndi nkhomo 64. Chess ili ndi timabokosi 64 ndi zidutswa 32. Onse awiri amafuna munthu woona patali. Kusiyana kwake kwagona pa cholembera. Masewero okoma a bawo amathera pomwepo pamene nkhomo zabwezedwa m'mabowo, n'kutsala m'mitu ya owonerera basi. Pa chess, mzere uliwonse woimirira uli ndi chilembo chake, kuyambira a mpaka h, ndipo mzere wopingasa uli ndi nambala, kuyambira 1 mpaka 8. Kusuntha kulikonse kumalembedwa. N'chifukwa chake mwana wa kwa Kadewere akhoza kuyala bolodi lero n'kubwereza masewero a mu 1918 ndendende monga momwe eni ake adasewerera, n'kuima pamene iwo adaima, n'kudzifunsa chimene iye akadachita.

Chifukwa cha kulembako, mayambidwe a masewero a chess ali ndi mayina ndiponso mbiri. Amodzi mwa mayambidwe akale kwambiri amatchedwa Ruy Lopez, dzina la wansembe wa ku Spain amene adawafotokoza m'buku lake la mu 1561. Wosewera zidutswa zoyera amakankha poni wa patsogolo pa mfumu, amatulutsa hatchi, kenako amatumiza bishopu kukapanikiza hatchi ya mdani yomwe ikulondera pakati pa bolodi. Sathamanga. Amabisa mfumu yake pakona, amakonza zonse pang'onopang'ono, ndipo wa zakuda amakhala wofinyika kwa nthawi yaitali ngakhale asanalakwitse kanthu.

Pa 23 Okotobala 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili pafupi kutha, mpikisano udatsegulidwa ku Manhattan Chess Club mumzinda wa New York. Pa tsiku loyamba lomwelo adakumana amuna awiri odziwana bwino. Wa zoyera adali José Raúl Capablanca wa ku Cuba, wa zaka 29, munthu amene sankagonja wamba. Wa zakuda adali Frank Marshall, wa zaka 41, katswiri wa dziko la United States, wodziwika ndi kuukira kopanda mantha. Pakati pawo padali bala lakale. Mu 1909, Capablanca akadali mnyamata, adasewera ndi Marshall mpikisano wa awiri n'kumugonjetsa kasanu n'katatu. Marshall adapambana kamodzi kokha, ndipo masewero 14 adalepherana. Anthu amakamba kuti kwa zaka zambiri Marshall adasunga chida china mwachinsinsi, kudikira tsiku lodzakumananso ndi mnyamatayo pa Ruy Lopez. Kaya adachisunga nthawi yaitali bwanji, chooneka n'chakuti adabwera atakonzeka. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Kusuntha kusanu n'kuwiri koyamba kudayenda monga mwa nthawi zonse. Pa kusuntha kwa 8, Capablanca adakankha poni kupita pa c3, kukonzekera kulanda pakati pa bolodi. Apa m'pamene Marshall adaona chimene ambiri ankachidutsa. Poni ameneyu waima pamalo pamene hatchi ya zoyera ikadatulukira. Kumbali imeneyo ruku, hatchi ndi bishopu zonse zikadali m'nyumba, sizinadzuke. Kwa kanthawi kochepa, wa zoyera ali ndi asilikali ambiri pa bolodi koma ochepa pabwalo la nkhondo. Marshall adakankha poni wake masitepe awiri mpaka pa d5, n'kusiya poni wa pakati wopanda mlonda. Adapereka poni mmodzi kuti agule nthawi ndi njira zotseguka zopita kwa mfumu ya mdani.

Kupereka poni si nkhani yaing'ono. Mwa zidutswa zonse, poni yekha ndiye sabwerera m'mbuyo, ndipo pakati pa akatswiri poni mmodzi amakwana kupambanitsa masewero. Madzi akatayika sawoleka. Marshall ankadziwa kuti kuukira kwake kukapanda kupha, adzatsala ndi dzanja lopanda kanthu. Naye Capablanca ankadziwa kuti akatola poniyo, walowa m'nkhalango imene mnzakeyo adaiyendera kale usana ndi usiku, pamene iye akuiona koyamba, wotchi ikuyenda. Patapita nthawi adafotokoza kuti adaganizira pang'ono, n'kuona kuti luso lake ndi ulemu wake zaitanidwa pabwalo, ndipo kuthawa sikukadamukhalira. Adatola poniyo. Walira mvula walira matope, ndipo amuna awiriwa onse adalira mvula tsiku limenelo.

Matope adabwera msanga. Pa kusuntha kwa 11 Marshall adabweza hatchi yake pa f6 kuti ilumphire kwa mfumu. Bishopu adaloza pakona pamene mfumu ya zoyera idabisala. Hatchi idafika pa g4, pamalo pamene poni akadatha kuidya. Capablanca sadaidye, chifukwa adaona kuti kutero n'kutsegulira mfumukazi ya zakuda chitseko. Mfumukaziyo idabwerabe pa h4. Hatchi ija idadziponyanso pa f2, pafupi penipeni ndi mfumu, ndipo mfumukazi ya zoyera ikadatha kuitola. Capablanca adaisiyanso. M'malo mwake adangosuntha ruku kabokosi kamodzi, kuchoka pa e1 kupita pa e2. Kusuntha kofatsa kumeneku, kwa 16, ndiko kudagwira nyumba yonse kuti isagwe.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali ndikamabwereza masewerowa. Munthu yemweyo amene adalandira poni mosaopa adakana hatchi kawiri konse, chonsecho hatchi ndi yamtengo kuposa poni katatu. Sadali wamantha, komanso sadali wadyera. Mphatso iliyonse adaiyeza payokha, kuti iyi ndi chakudya, iyi ndi nyambo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada, ndipo osewera ambiri pa malo amenewo akadagwa momwemo. Marshall atapereka bishopu, Capablanca adawerenga n'kuona kuti tsopano angathe kudya. Cheki, ndiko kuopseza mfumu, idatsatana ndi cheki. Mfumu ya zoyera idatuluka pakona, n'kuyenda wapansi pakati pa bolodi: f1, e2, d3, mpaka c2, kumbali ija kumene asilikali adali chigonere. Itafika kumeneko idapeza mthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fumbi litatsika, Capablanca adali ndi zidutswa ziwiri zing'onozing'ono posinthana ndi ruku mmodzi, ndipo mfumu yake idali pabwino. Zidutswa zake zogona zidadzuka chimodzichimodzi. Poni wake mmodzi adathamanga mpaka pa b7, kutsala sitepe imodzi kuti asanduke mfumukazi. Pa kusuntha kwa 36 bishopu wake adadya pa f7 ndi cheki, ndipo Marshall adalibenso pothawira. Capablanca adapambana masewerowo, adapambananso mpikisano wonsewo, ndipo mu 1921 adagonjetsa Emanuel Lasker ku Havana n'kukhala katswiri wa dziko lonse.

Wina akadafunsa owonerera madzulo a tsiku limenelo, yankho likadakhala lapafupi: Marshall adayamba molakwika, sumapereka poni kwa Capablanca. Ndipo yankho limenelo likadakhala labodza. Pamene akatswiri adakhala pansi ndi pepala la masewerowo, kubwerera m'mbuyo kusuntha ndi kusuntha, adapeza kuti maganizo a pa kusuntha kwa 8 adali olimba. Pofooka padali pa kusuntha kwa 11. Hatchi ija siinkayenera kuchoka pakati. Marshall mwiniwake adadzapeza mankhwala ake: kukankha poni kasitepe kamodzi kokha mpaka pa c6, kuti hatchi ikhazikike pa d5 n'kutsekera njira bishopu wa zoyera. Kasitepe kamodzi ka poni kadasintha zonse. Kuukira kudakhala kosaphulika msanga koma kosatha msanga.

Kuyambira pamenepo, mayambidwe amene adagonja tsiku lija adakula mpaka kudziwika ndi dzina la mwini wake, Marshall Attack. Mu 1965 Boris Spassky adawagwiritsa ntchito kuziziritsa moto wa Mikhail Tal pa mpikisano wosankha wokapikisana ndi katswiri wa dziko lonse, ndipo Spassky ndiye adadutsa. Akatswiri a m'badwo wathu monga Michael Adams ndi Levon Aronian adawasandutsa linga lawo. Zidafika poti osewera zoyera ambiri, ngakhale Garry Kasparov, ankakonda kupatuka pa kusuntha kwa 8, kukankha poni wina, kuti asakumane nawo n'komwe. Ulemu woposa umenewu pa chess kulibe: adani ako kusintha njira kuopa maganizo ako, iwe utagona kale m'manda. Marshall adamwalira mu 1944.

Palinso tsiku lina m'mbiri ya mayambidwe amenewa limene liyenera kukumbukiridwa, chifukwa limatiteteza ku kulakwa kwina. Mu 2004 ku Brissago m'dziko la Switzerland, Vladimir Kramnik ankateteza ukatswiri wake kwa Peter Leko wa ku Hungary. M'masewero achisanu n'chitatu Leko, ali ndi zakuda, adasewera Marshall Attack. Kramnik adayankha mofulumira, kutsatira njira imene gulu lake lidakonza kunyumba mothandizidwa ndi kompyuta, mpaka adapereka mfumukazi yake akukhulupirira zokonzazo. Leko, nthawi ikumuthera, adaganiza yekha pa bolodi n'kupeza bowo limene okonzawo sadalione. Adapambana. Mu 1918 wokonzekera adagonja kwa woganiza pomwepo, ndipo mu 2004 zidachitikanso chimodzimodzi, kungoti mbali zidasinthana. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Chiyambi chabwino chimakufikitsa pabwalo uli ndi mphamvu, koma sichikusewerera. Ndipo chiyambi chimene wangoloweza osadziwa chifukwa chake sichinakhale chako.

Ife a ku Chiradzulu nkhani yotere siyachilendo kwa ife, ngakhale yathu ndi yolemera kwambiri kuposa masewero. Zaka zitatu Marshall asanakankhe poni uja, boma lino lidaona munthu akugonja poyera. John Chilembwe adachoka kuno mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, adakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo adabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Adatsegula sukulu, adamanga tchalitchi cha njerwa, adaphunzitsa anthu kuti munthu wakuda ndi munthu wathunthu pa nthaka ya makolo ake. Adaona nkhanza za thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero. Chakumapeto kwa 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene siinali yawo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Ku Magomero kudaphedwa azungu, mmodzi mwa iwo William Jervis Livingstone. Mfuti zimene ankayembekezera kulanda ku Mandala mu Blantyre zidapezeka zochepa, ndipo madera ambiri sadadzuke nawo. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaomberedwa chakufupi ndi malire a Mozambique. Otsatira ake ambiri adanyongedwa, ena adamangidwa, ndipo tchalitchi chija chidagumulidwa.

Pano tiyenera kuyenda mosamala. Pa bolodi zidutswa zodyedwa zimabwerera m'malo mwake mawa lake. Anthu amene adafa mu 1915, akuda ndi oyera omwe, sadabwerere, ndipo amasiye awo sadali zidutswa za masewero a wina aliyense. Chimene chikufanana ndi kaweruzidwe ka owonerera basi. Atsamunda adaona mabwinja a ku Mbombwe n'kunena kuti nkhaniyo yatha, ndi kuti kulakwa kudayambira pa tsiku limene munthu wakuda adaloledwa kukhala ndi sukulu ndi mpingo wakewake. Adaweruza chiyambi poona mathero a chaka chimodzi.

Koma chiyambi cha Chilembwe sichidali mfuti ya mu 1915. Chidali sukulu ya mu 1900. Mwa ana amene adaphunzira pa sukuluyo mudali Daniel Sharpe Malikebu, yemwe adapita ku America, adaphunzira udokotala ku Meharry Medical College, ndipo mu 1926 adabwerera ku Mbombwe kudzatsegulanso mishoni ija. Amene adabwera pambuyo adasunga mfundo yake, yakuti thangata n'kulakwa ndipo dziko lili ndi eni ake, koma adasintha njira: mabungwe a mbadwa, makalata, misonkhano, Nyasaland African Congress ya mu 1944, mpaka ufulu wa mu 1964. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma pomukumbukira. Iye sadadye nawo zokololazo. Koma amene adati mbewuyo idali yofumbwa adalakwa.

Chimene chidapulumutsa maganizo a Marshall si kulimba mtima kwake kokha ayi. Ndi chizolowezi china chimene osewera chess ali nacho, chomwe ndimachilakalaka m'moyo wathu wonse. Masewero akatha, wopambana ndi wogonja amagwirana chanza, ndipo kawirikawiri amakhalanso pansi pa bolodi lomwelo n'kubwerera m'mbuyo limodzi. Apa ukadapita uku bwanji? Apa ndimaopa ichi. Funso lawo silikhala lakuti wolakwa ndani, popeza zimenezo zadziwika kale. Funso limakhala lakuti kulakwako kudalowera pati. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena kuti zonse zidali zolakwika ndi kunena kuti kusuntha kwa 11 ndiko kudali kolakwika. Wonena mawu oyambawo amataya zabwino pamodzi ndi zoipa, n'kukayambanso china chatsopano chimene adzachitayenso chikangomupunthwitsa. Wonena mawu achiwiriwo amasunga kusuntha khumi kwabwino n'kukonza kumodzi.

Tikayang'ana m'midzi mwathu tiona zinthu zambiri zimene zidatayidwa chifukwa chosowa funso limeneli. Gulu la alimi a mkaka kapena a nandolo likabalalika chifukwa msungichuma sadasunge bwino mabuku, anthu amalumbira kuti za magulu sadzazilowanso, chonsecho kugulitsa pamodzi kudali nzeru, ndipo chofooka chidali kasungidwe ka ndalama. Banki m'khonde ikagwa, mjigo ukafa chifukwa panalibe wotolera ya zipangizo, mtsikana akabwerera kusukulu atabereka n'kulephera mayeso koyamba, mawu amene amamveka ndi omwewo: tidanena ife. Mawu amenewa ndi otsika mtengo, aliyense angawakwanitse. Ntchito yeniyeni ndi kukhala pansi, kuyala zimene zidachitika mwa ndondomeko yake, n'kuloza malo enieni pamene panathyoka.

N'chifukwa chake ndimakondwera ndikamva kuti chess ikutuluka m'matauni. Bungwe la Chess Association of Malawi lakhala likuyendetsa mipikisano ya ana a sukulu, ndipo Susan Namangale, amene adalitsogolerapo, watengera masewerowa kusukulu za kumidzi ngakhalenso kundende. Kwa anansi athu ku Zambia, Amon Simutowe wa ku Ndola adafika pa udindo wa Grandmaster mu 2009, umboni wakuti nzeru zotere sizisankha dziko. Sikuti mwana aliyense wa kwa Kadewere adzafika pamenepo, ndipo si cholinga chake. Bolodi limodzi, kope ndi pensulo n'zokwanira kuphunzitsa mwana zinthu zitatu zimene masewero a mu 1918 amaphunzitsa. Choyamba, kuti ayambe ndi maganizo, adziwe chifukwa chimene wakankhira poni uyu osati uyo. Chachiwiri, kuti si chilichonse choikidwa patsogolo pake chimene ayenera kutola. Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, kuti akagonja asafufute pepala.

Kwa aphunzitsi ndi makolo amene angayale bolodi pamaso pa ana, pempho langa ndi limodzi. Musawaphunzitse timisampha topha mnzawo m'kusuntha kunayi kuti azidzitama pabwalo la sukulu, pakuti timeneto timagwira wosadziwa yekha. Aphunzitseni kulemba masewero awo onse, makamaka amene agonja, ndipo mukhale nawo pansi kufunafuna pamene zidapotokera. Mwana wozolowera zimenezi akadzakula, ntchito yake ikadzagwa, sadzathawa mudzi ndi manyazi kapena kutukwana tsiku limene adayamba. Adzatenga zolemba zake, adzaitana ngakhale amene adamugonjetsa, ndipo adzafunsa kuti: pa zonse ndidachitazi, n'chiti chimene ndisunge, n'chiti chimene ndikonze? Boma limene lili ndi anthu ofunsa chotere silitaya nzeru za ana ake chifukwa cha kugonja kwa tsiku limodzi.